Wosewera ndi Woseweretsedwa: Za Moto Umene Umayaka mwa Akatswiri a Basiketibolo

Usiku wa pa 7 Juni 1995, mumzinda wa Orlando m'dziko la America, mnyamata wina dzina lake Nick Anderson anaima pamzere woponyera mipira ya chilango. Anali masewera oyamba a ndime yomaliza yolimbirana chikho cha ligi ya NBA, ndipo timu yake ya Orlando Magic inali patsogolo pa Houston Rockets ndi mapointi atatu, kutangotsala masekondi pafupifupi 10. Kwa amene satsatira basiketibolo, mpira wa chilango uli ngati penate ya mpira wamiyendo, kungoti pano palibe goloboyi. Munthu amaima yekha, mamita 4.6 kuchokera pathabwa lopachikapo dengu, popanda womutchinga kapena womukankha. Mpira umodzi wokha ukanalowa, Houston sikanawapezanso. Anderson anaponya woyamba n'kuphonya, wachiwirinso chimodzimodzi. Mpira utadunda anauwakha yekha, mdani n'kumugwira mophwanya malamulo, ndipo anapatsidwa mipira ina iwiri. Nayonso inakana kulowa. Houston inafananitsa mapointi, inapambana m'nthawi yowonjezera, ndipo mapeto ake inatenga chikho itapambana masewera anayi otsatizana.

Chaka chimenecho Anderson ankagoletsa mipira ya chilango pafupifupi 70 pa 100 iliyonse. M'chaka cha masewera cha 1996-97 anatsika kufika pa 40. Dengu silinakwere, mzere sunasunthe, manja anali omwewo. Chimene chinasintha chinali m'kati mwa munthuyo. Funso limene ndikufuna tilingalire m'nkhani ino likuchokera pamenepa: kodi chilichonse chimene chimamukankha wosewera kuti apambane n'chabwino, bola ngati akupambana? Ndipo akathyoka ndi katundu wa mpikisano, mlandu n'ngwayani?

Mneni ndi misintho yake

Ntchito yanga ndi ya mawu, choncho mundilole ndiyambire pa mneni. M'Chichewa timati munthu "akusewera" basiketibolo. Mneni ameneyu kwawo ndi pabwalo la ana, pamene pali phada, fulaye, chipako ndi masanje. Kusewera ndi kuchita chinthu chifukwa chakuti chikukoma, popanda wokutuma, ndipo dzuwa likalowa umachisiya n'kupita kukadya nsima. N'chifukwa chake akulu akafuna kutsindika kuti nkhani yakula amati "si masewera". Tikaika msintho wochititsa pa mneni ameneyu timapeza "kuseweretsa", ndipo tanthauzo limada pomwepo. Woseweretsa ndalama ndi womwaza, woseweretsa mnzake ndi womutenga ngati chidole. Tikaonjezera msintho wochitidwa timafika pa "kuseweretsedwa". Woyamba uja anali mwini wake wa ntchito, wachitatuyu ndi chipangizo m'manja mwa wina.

Mbiri ya basiketibolo yadutsa m'misintho yomweyi. James Naismith anayambitsa masewerawa mu Disembala 1891 ku Springfield, m'chigawo cha Massachusetts, pofuna kuti ophunzira ake akhale ndi chochita m'nyumba nyengo yachisanu. Anakhoma madengu awiri a mapichesi, nalemba malamulo 13. Lero timu iliyonse ya NBA imasewera masewera 82 pachaka isanalowe n'komwe m'ndime zochotsana. Matimu alipo 30, ndipo malo a osewera okhazikika ndi 15 patimu, kutanthauza malo 450 amene dziko lonse likuwalimbirana. Chaka ndi chaka anyamata pafupifupi 60 amasankhidwa kuti alowe, ndipo aliyense wolowa akubwera kudzalanda malo a wina. Kuyambira 1954 timu imene ili ndi mpira imapatsidwa masekondi 24 okha kuti iponye. Mneni sunasinthe, tikunenabe kuti anthuwa "akusewera", koma funso lakuti ndani akusewera ndipo ndani akuseweretsedwa layamba kufuna yankho.

Mvula ndi matope ake

Ofufuza za maganizo a osewera amakonda kulemba mindandanda iwiri. Woyamba ndi wa zolimbikitsa: kukonda mpira, ndalama, kutchuka, banja, anzake a patimu. Wachiwiri ndi wa zopsinja: kuopa kuvulala, kuopa kuchotsedwa, ukali wa kochi, mapokoso a ochemerera, maulendo osatha. Ine ndikaiyang'anitsitsa mindandandayi ndimaona kuti ndi umodzi wolembedwa kawiri. Woopa kuvulala akuopa chifukwa akufuna kusewera mawa. Woopa kuchotsedwa akuopa chifukwa pali amene akudya kuchokera m'thumba mwake. Palibe amene amagwidwa nthumanzi ndi chinthu chimene alibe nacho ntchito. Makolo anaziona kale pamene anati walira mvula walira matope.

Mu 1908 akatswiri awiri, Robert Yerkes ndi John Dodson, anachita kafukufuku pa mbewa amene pambuyo pake anabala mfundo yodziwika bwino: nthumanzi yapang'ono imanola munthu, koma ikapyola muyeso imamufooketsa, makamaka pantchito yofuna luso. Choncho kufuna mpikisano wopanda nkhawa kuli ngati kufuna mvula youma. Funso lenileni lagona pa mtundu wa chimene chikumuyendetsa munthuyo. Apanso chinenero chathu chikutithandiza. Timafunsa kuti, "Chikumusonkhezera n'chiyani?" Mawu amenewa tinawatenga pamoto, pamene kusonkhezera ndi kukankhira zikuni m'kati kuti moto usazime. Mayi aliyense wophika amadziwa kuti nkhuni sizifanana. Zina zimayaka bwino n'kusiya makala, zina zimapsetsa nsima ndithu koma utsi wake umatsamwitsa wophikayo. Tiyeni tione mitundu itatu ya nkhuni zimene zimayaka mwa akatswiri a basiketibolo.

Chikuni choyamba: mangawa ndi mantha

Palibe wosewera amene mbiri yake imanenedwa kuposa Michael Jordan, amene anatenga zikho 6 ndi Chicago Bulls pakati pa 1991 ndi 1998. Chimene chinkamusonkhezera sanachibise. Mu 1978, ali kusekondale ku Wilmington, sanasankhidwe m'timu yaikulu ya sukulu, ndipo malowo anapatsidwa mnzake wamtali, Leroy Smith. Patapita zaka 31, mu Seputembala 2009, pamene Jordan ankalandira ulemu wolowa m'gulu la akatswiri osaiwalika ku Springfield komweko kumene mpirawu unabadwira, anaitana Smith kumwambowo, ndipo gawo lalikulu la zolankhula zake linali kutchula amene anamuderera kapena kumukayikira. Panalinso nkhani ya mu Malichi 1993. LaBradford Smith wa timu ya Washington anagoletsa mapointi 37 polimbana ndi Chicago, ndipo Jordan anati mnyamatayo anamunena mawu achipongwe masewera atatha. Mawa lake Jordan anagoletsa mapointi 36 m'chigawo choyamba chokha. Patapita zaka zinadziwika kuti mawu aja sananenedwe, Jordan anangowapeka. Adani enieni atamuthera, anayamba kudziumbira ena kuti moto usazime.

Jerry West, amene chithunzi chake anthu amachizindikira pachizindikiro cha NBA, ankayaka ndi chikuni cha mtengo womwewo, kungoti chake chinali mantha. Anafika m'ndime yomaliza ka 9 ndi Los Angeles Lakers, n'kupambana kamodzi kokha, mu 1972. Mu 1969 anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa m'ndimeyo ngakhale timu yake inagonja, chinthu chimene sichinachitikirenso wina. M'buku la moyo wake la mu 2011 anaulula kuti anakula akumenyedwa ndi bambo ake, kuti anavutika ndi matenda a maganizo moyo wake wonse, ndiponso kuti kugonja kunkamupweteka kwambiri kuposa mmene kupambana kunkamusangalatsira. Anamwalira mu 2024 ali wolemekezeka padziko lonse.

Wina anena kuti, "Nanga vuto lili pati? Zikho zilipo, ife tinasangalala. Kanthu n'khama." N'zoona, ndipo mwina popanda ukali umenewo sitikanamuona Jordan amene tinamuona. Komabe pali zinthu zitatu zimene woyankhula chotere akuzilumpha. Choyamba, nsima tinadya ndife, utsi anapuma ndi iwo pamodzi ndi oyandikana nawo. Steve Kerr anamenyedwa chibakera ndi Jordan pokonzekera masewera mu 1995, ndipo anali mnzake wa timu imodzi. Chachiwiri, timangomva za amene mangawa anawafikitsa pamwamba. Amene mangawa omwewo anawadya asanafike paliponse alibe wowajambula filimu. Chachitatu, sizoona kuti njira ndi yokhayo. Tim Duncan anatenga zikho 5 ndi San Antonio Spurs pakati pa 1999 ndi 2014 ali munthu wofatsa, wosadziwika ndi kusunga zifukwa. Koposa zonse, munthu amene sangathe kuthamanga pokhapokha atapeza womuda wapereka chiwongolero chake kwa ena. Akuoneka ngati mfumu pabwalo, koma akumuyendetsa ndi mphunzitsi amene anamusiya mu 1978.

Chikuni chachiwiri: njala ya kunyumba

Chikuni chachiwiri ife a kuno timachidziwa bwino kuposa aphunzitsi ambiri a nzeru zakuya a kumayiko olemera. Giannis Antetokounmpo anabadwira ku Athens mu 1994, makolo ake atachokera ku Nigeria. Anakula wopanda chiphaso cha dziko lililonse, akugulitsa mawotchi, zikwama ndi magalasi m'misewu, ndipo nsapato zosewerera ankabwerekana ndi mkulu wake Thanasis. Unzika wa Greece anaulandira mu 2013, chaka chomwecho chimene timu ya Milwaukee Bucks inamusankha. Pascal Siakam wa ku Cameroon anapita ku America atasenza loto la bambo ake, amene ankalakalaka kuti mmodzi mwa ana awo adzasewere mu NBA. Bambowo anamwalira pangozi ya galimoto mu Okutobala 2014, Siakam ali payunivesite ku New Mexico, ndipo sanathe kupita kumaliro chifukwa zikalata zake zolowera m'dziko la America zinali zisanatuluke. Akanapita, mwina sakanaloledwa kubwerera. Wowerenga wa kuno safunika kumufotokozera kulemera kwa kusaponya dothi pamanda a bambo ako. Mu 2019 Siakam anatenga chikho ndi Toronto Raptors.

Pali chiphunzitso chotchuka chimene chimaoneka ngati chikuchepetsa chikuni chimenechi. Mu 1971 Edward Deci anapatsa ophunzira a payunivesite timatabwa toti azilumikiza mwanzeru. Ena anawalipira, ena ayi. Malipiro atachotsedwa, amene ankalipidwa aja anayamba kuthera nthawi yochepa pamasewerawo kusiyana ndi poyamba. Deci ndi mnzake Richard Ryan anamanga pamenepa mfundo yakuti mphotho yochokera kunja ikhoza kuzimitsa chikondi chochokera m'kati. Mfundoyi ili ndi choonadi, koma tisaitenge mwachisawawa. N'kosavuta kuuza munthu kuti azisewera chifukwa cha chikondi chokha pamene iwe wadya. Mnyamata wothamanga kuti amayi ake asatulutsidwe m'nyumba ya lendi sitingamuike pansi pa mnzake wothamanga chifukwa cha kukoma kwa mpira. Ndipo ndalama za pabwalo zikhoza kusanduka chinthu chaulemu. Dikembe Mutombo wa ku Congo, amene anaphunzira za zinenero ndi ukazembe pa yunivesite ya Georgetown, anaika madola 15 miliyoni a m'thumba mwake pomanga chipatala ku Kinshasa, chimene chinatsegulidwa mu 2007 ndipo anachitcha dzina la amayi ake, Biamba Marie Mutombo. Iye anamwalira mu 2024, chipatala chinatsala.

Komabe chikuni chimenechi nachonso chili ndi utsi wake. Wosenza banja lonse sataya masewera okha akaphonya, amaona ngati wataya ufa wa anthu 20. Sangavulale mwamtendere, sangatope poyera, sangasiye. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndipo chodabwitsa n'chakuti njala ikatha mantha ake amatsala. Antetokounmpo yemweyo anaulula mu 2023 kuti mu 2020, chaka chimene anasankhidwa kachiwiri kukhala wosewera bwino koposa mu ligi n'kusainira mgwirizano wa madola 228 miliyoni, anafika pofuna kuusiya mpira, ndipo anayamba kuonana ndi katswiri wa uphungu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chikuni chachitatu: kukoma kwa ntchito yeniyeniyo

Mu 1981 Alasdair MacIntyre anapereka fanizo la mwana amene akuphunzitsidwa chesi pomulonjeza maswiti. Malinga ngati maswiti ndiwo chifukwa chake chosewerera, mwanayo alibe chomuletsa kubera akapeza mpata. Koma tsiku limene adzayambe kumva kukoma kwa chesi yeniyeniyo, kubera kudzakhala kudzibera yekha. MacIntyre anasiyanitsa zabwino za kunja kwa ntchito, monga ndalama ndi ulemu, ndi zabwino za m'kati mwake, zimene sungazipeze mwa njira ina koma kuichita ntchitoyo bwino. Za kunja zimachepa zikagawidwa, pakuti chikho ndi chimodzi. Za m'kati zimachuluka, pakuti wina akatulukira kaponyedwe katsopano mpira wonse walemera, ndi adani ake omwe.

Chichewa chinaisunga mfundo imeneyi m'mawu oti "kupikisana". Kachidutswa ka -an- kamene kali m'menemo n'komweko kamene kali mu "kukondana", "kuthandizana" ndi "kumvana". Sungapikisane wekha. Amene akukutchinga pabwalo ndiye akukupatsa mwayi woonetsa luso lako, ndipo akachoka masewera atha. Wosewera amene wamvetsa zimenezi safunika kumupekera mnzake mlandu kuti athamange.

Usiku uja wa Anderson, mpira wotsiriza wopambanitsa Houston anaulowetsa ndi Hakeem Olajuwon, wobadwira ku Lagos. Miyezi inayi m'mbuyo mwake, mu Febuluwale 1995, Olajuwon anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa wa mwezi umenewo, pamene anali kusala kudya ndi kumwa masana chifukwa cha Ramadan. Sindikunena kuti kusala kumagoletsa mapointi. Ndikunena kuti munthuyu anali ndi chinthu china chachikulu kuposa mpira chimene mpira unkayenera kuchipatsa malo. Maya Moore anapitirira apo. Atatenga zikho 4 za ligi ya amayi ya WNBA ndi Minnesota Lynx, komanso mendulo ziwiri zagolide za Olimpiki, anaima kusewera mu 2019 ali ndi zaka 29, mphamvu zake zili pachimake, kuti amenyere ufulu Jonathan Irons, amene anakhala m'ndende zaka zoposa 20. Khoti linafafaniza chigamulo chake, anatuluka mu Julayi 2020, ndipo pambuyo pake awiriwa anakwatirana. Moore sanabwererenso pabwalo. Chizindikiro cha kusewera kwenikweni, monga tinaonera pa ana aja, ndi chakuti munthu amatha kusiya. Amene sangathe kusiya, ngakhale atafuna, wachoka kale pa mneni woyamba uja.

Wochititsa ndani?

Msintho wochititsa suyenda wopanda wochititsa. Ngati pali woseweretsedwa, pali womuseweretsa, ndipo apa nkhani ikutembenukira kwa ife oonera. Pa 5 Novembala 2017, Kevin Love wa Cleveland Cavaliers, amene anali atatenga chikho chaka chapitacho, anagwidwa ndi mantha adzidzidzi masewera ali m'kati. Mtima unathamanga, mpweya unamuthawa, anatuluka m'bwalo n'kukagwa pansi m'chipinda, akuganiza kuti akufa. Kuchipatala sanamupeze ndi vuto la mtima. Anabisa nkhaniyi miyezi inayi, ndipo pamene anailemba mu Malichi 2018 anafotokoza kuti chimene ankaopa kwambiri chinali chakuti anthu adziwa. Chinamulimbitsa mtima chinali chakuti mwezi wapitawo DeMar DeRozan wa Toronto Raptors anali atanena poyera kuti akuvutika ndi matenda a maganizo. Zaka zisanu m'mbuyo mwake, Royce White, amene Houston inamusankha mu 2012, anapempha kuti matenda ake a nkhawa aziwaona monga amaonera kuvulala kwa bondo. Sanamvane ndi timuyo, sanaiseweleko ngakhale kamodzi, ndipo moyo wake wonse wa mu NBA unathera pa masewera atatu. Munali mu 2019 pamene ligi inalamula kuti timu iliyonse ikhale ndi katswiri wovomerezeka wa matenda a maganizo.

Kodi Love ankaopa ndani? Ankaopa ife, amene timaphunzitsa ana athu kuti mwamuna salira, amene tikamva kuti wolandira mamiliyoni akudandaula timati akutiseka ife osauka. Timaganiza kuti malipiro aakulu amagula ufulu wathu womunyoza, ngati kuti ndalama zimachotsa mitsempha m'thupi. Posachedwapa zafika poipa. Mu Meyi 2018 khoti lalikulu la America linachotsa lamulo limene linkaletsa juga ya pamasewera m'zigawo zambiri za dzikolo, ndipo tsopano anthu amabetcha ngakhale pa chiwerengero cha mapointi a wosewera mmodzi. Tyrese Haliburton anadandaula mu 2024 kuti kwa anthu ambiri iye wasanduka chida chabe chowapezera ndalama. Chaka chomwecho Jontay Porter analetsedwa kusewera mu NBA moyo wake wonse atapezeka kuti ankauza obetcha zinsinsi ndi kutuluka dala m'masewera. Apa mneni wafika kumapeto ake. Ndipo poti juga ya pafoni yafalikira m'matauni mwathu momwemu, tisadzinamize kuti ochititsawo ali kutsidya la nyanja kokha.

Sindikuchotsa udindo pa wosewera mwini wake. Porter anasankha yekha, ndipo Jordan sanakakamizidwe kupeka nkhani. Koma munthu sasankha nkhuni m'nkhalango yopanda anthu, amatola zimene mudzi ukuziyamikira. Tikamauza achinyamata nkhani ya Jordan ndi LaBradford Smith tikuseka ndi kusirira, tikuwaphunzitsa kuti bodza ndi chidani n'zololedwa bola dengu ligwedezeke.

Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa msika wa mpirawu unafika kale ku Africa. Kuyambira 2003, pamene NBA inachititsa msasa wake woyamba wa achinyamata ku Johannesburg, maso a ofuna osewera akhala ali pa ana athu aataliatali. Inatsegula sukulu ya mpirawu ku Saly, m'dziko la Senegal, ndipo mu 2021 ligi ya Basketball Africa League inayamba ku Kigali ndi matimu 12, kuphatikizapo Ferroviário de Maputo ya ku Mozambique. Mu 2024 chikho chake chinapita ku Petro de Luanda ya ku Angola. Zimenezi n'zokondweretsa, ndipo sindikufuna kuthira madzi pachisangalalo. Koma malo aja ndi 450 basi. Ana ambiri amene adzauzidwe kuti ndiwo chipulumutso cha banja lawo sadzafika. Makochi, makolo ndi aphunzitsi amene tili nawo pafupi anawa tiyenera kudzifunsa chimene tikuika pamoto wawo. Tikaika njala ndi mangawa zokha, tsiku limene bondo lidzathyoke sipadzatsala kanthu. Tikawaphunzitsa kukonda ntchitoyo, kulemekeza womutchinga, ndi kukhala ndi moyo wina kunja kwa bwalo, ndiye kuti ngakhale wosafika ku America adzakhala atapindula.

Kubwerera pamzere

M'ndime zochotsana za mu 2021, Antetokounmpo ankavutika pamzere womwe uja wa chilango. Ankachedwa kuponya, ndipo pamabwalo a adani khamu lonse linkamuwerengera masekondi mofuula kuti limusokoneze. Nthawi zina mpira wake sunkakhudza n'komwe mkombero wa dengu. Sanathawe mzerewo, anapitiriza kuthamangira kudengu kumene ankadziwa kuti amugwira n'kumubwezanso pomwepo. Pa 20 Julayi 2021, m'masewera amene anapatsa Milwaukee chikho choyamba chichokereni 1971, anaponya mipira ya chilango 19 n'kulowetsa 17, ndipo mapointi ake onse anali 50. Patapita zaka ziwiri timu yake inachotsedwa m'ndime yoyamba, ndipo mtolankhani atamufunsa ngati chakacho chinali cholephera, anakana. Anamukumbutsa kuti Jordan anasewera zaka 15 n'kutenga zikho 6, nafunsa ngati zaka 9 zinazo zinali zotayika. Ena anati akudzitonthoza. Ine ndinamva munthu amene wakana kuti chiwerengero cha pabolodi chikhale muyeso wa umunthu wake.

Nanga Anderson? Mwezi umodzi usiku uja usanafike, pa 7 Meyi 1995, ndi iye amene analanda mpira m'manja mwa Michael Jordan m'masekondi otsiriza, Orlando n'kupambana, ndipo m'ndime imeneyo Chicago inachotsedwa. Ndi iyenso wosewera woyamba amene timu ya Orlando inamusankha pamene inkayamba mu 1989, ndipo anaisewerera zaka 10. Mu 2014 timuyo inamuika m'gulu loyamba la anthu ake olemekezeka. Koma mukafunsa otsatira mpirawu za Nick Anderson, ambiri adzakuuzani za mipira inayi. Zaka 10 za thukuta tinazisinthanitsa ndi masekondi 10, ndipo iye anakhala zaka zotsatira akuponya mpira uliwonse ali ndi chigamulo chathu paphewa.

Yankho langa pafunso lija ndi lakuti ayi: si chilichonse chopambanitsa chimene chili chabwino. Chosonkhezera chabwino ndi chimene chimamusiya munthu ali mwini wa ntchito yake, wotha kuphonya osasweka, wotha kuona mnzake mwa womutchinga, wotha kusiya nthawi ikakwana. Nkhawa sidzatha, pakuti imabwera ndi mvula. Koma pali kusiyana pakati pa nkhawa ya munthu wofuna kuchita bwino chinthu chimene amachikonda ndi nkhawa ya munthu amene akudziwa kuti akaphonya, kwa ife watha. Yoyambayo ndi mtengo wa kusewera, ndipo wosewera amaulipira mwa kufuna kwake. Yachiwiriyo timamusenzetsa ndife, ndipo tingathe kumutula.